Lipenga la amalume linandiombola pa katapila

Ine ndine mmisiri wokhoma zidebe pa Ligowe, kuno ku Neno. Ndimapanga ndowa, mbaula ndi makeni othirira m'dimba. Ndikufuna kuchitira umboni mmene Mulungu anandichotsera m'ngongole kudzera m'chinthu chimene tonse pakhomo tinkachiyesa chinyalala.

Mavuto anabwera motsatizana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa khoma la nyumba yathu n'kukokolola mbewu za m'dimba. Tisanapume, mayi a kunyumba anadwala matenda ofuna kumapita nawo ku Blantyre pafupipafupi. Pofika Novembala boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, malata opangira ndowa anakwera mtengo, ogula n'kuchepa. Ndinakatenga katapila kwa mkulu wina. Amene anamutengapo akudziwa: mwezi uliwonse umapereka, koma ngongole siisuntha. Mvula itadula mu 2024 chimanga chinauma chisanabereke, ndipo mwini ndalama anayamba kufika pakhomo n'kumawerenga ndi maso malata a padenga langa.

Chinthu tinkachiyesa chinyalala chija chinali lipenga la malemu amalume anga, amene anachona ku Bulawayo ndipo ankaimba besi m'bandi ya mpingo wa Salvation Army. Bandi yawo itapeza zipangizo zina inawasiyira lakalelo, iwo n'kubwera nalo kumudzi atakalamba. Oimba amalitcha tuba, lipenga lalikulu lija woliza amachita kulifungatira, la mawu ogunda pansi. Amalume atatisiya linakhala zaka zambiri patsindwi la khitchini. Linada bii ndi mwaye, mavu anamangamo nyumba, ndipo mabatani ake atatu anali atauma gwa.

Wogula zitsulo zakutha atafika ndi sikelo yake, ndinalitsitsa. Mtengo umene anatchula sunkakwana ngakhale chiwongoladzanja cha mwezi umodzi. Mayi a kunyumba, ali chigonere pamphasa, anati: "Abambo, chinthu chimene amalume anu ankachipukuta Loweruka lililonse muchiike pa sikelo? Tayambani mwafunsa."

Msuweni wanga wa ku Ndirande anandilumikiza ndi bambo wina wachikulire amene analiza malipenga moyo wake wonse. Tinawatumizira zithunzi pa WhatsApp. Atawerenga zolembedwa pakamwa pa lipengalo anati linachokera kufakitale ya Salvation Army yomwe inali ku St Albans ku England, ndipo popeza fakitaleyo inasiya ntchito mu 1972, lipenga langa lapitirira zaka 50. Anandiuzanso kuti pansi pa mwayewo pali siliva wokutira mkuwa. "Mwana wanga, musayerekeze kulikwecha ndi mchenga kapena sandipepa. Silivayo ndi wopyapyala, akachoka sabwerera. Ndipo musathamangire kuwalitsa. Yambani mwatseka paliponse pamene pakutuluka mpweya."

Apa m'pamene ndinalimba mtima, chifukwa kutseka podontha ndiyo ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku.

Tuba ya mtundu uwu ndi paipi imodzi yotalika pafupifupi mamita 4, yokulungidwa, imene imanka ikukula mpaka kukamwa. Batani lililonse ukalidina limapatutsira mpweya m'kapaipi kena, njira n'kutalika, mawu n'kutsika. Ndiye kabowo kochepa bwanji kamaba mphamvu ya mawu onse. Ndinayamba ndi kuthira palafini m'malo onse ouma, n'kumalisiya padzuwa kuti mkuwa ufunde. Timapaipi tosolola ta lipengali sitifuna pulayala, ukatikakamiza timapindika. Ndinkakulunga chingwe cha nsalu pokhota pake n'kumakoka modzidzimutsa pang'onopang'ono, lero kakana, mawa kasuntha ngati tsitsi limodzi, mpaka kasololoka. Mavavu a pansi pa mabatani nawo ali ndi manambala 1, 2 ndi 3, ndipo lililonse liyenera kubwerera m'nyumba yake. Ukasinthanitsa, mpweya sudutsa.

Zonse zitamasuka ndinalitsuka mkati ndi madzi ofunda a sopo, ndi kaburashi komangirira ku waya wa mabuleki a njinga. Zimene zinatuluka sindingazitchule: dothi la mavu, mphemvu zouma, ndi dzimbiri lobiriwira limene viniga yekha anatha kulisungunula. Kenaka ndinatseka kukamwa kwake ndi mpira wokulunga m'nsanza, mwana wanga n'kumauzira, ine ndikupaka thovu la sopo m'malumikizidwe, monga timafunira pobooka pa chubu cha njinga. Pamene panatuluka thovu ndinapala bwinobwino n'kuwotcherera ndi mtovu. Apa panafunika dzanja lofatsa kuposa pa ndowa, chifukwa moto ukachuluka umasungunula polumikiza poyandikana, ntchito n'kubwerera m'mbuyo.

Malo opindikira mkati anandivuta kwambiri. Amisiri a kunja ali ndi mipira yachitsulo ya misinkhu yosiyanasiyana imene amailowetsa m'paipi. Ine ndinasema yanga ku mtengo wolimba, ndipo kukamwa kwa lipenga ndinakuwongolera pa munsi wosalala, ndikupsinja ndi manja, osamenya. Mkuwa ukaumenya kwambiri umauma n'kung'aluka. Pena pamene sindinathe kufikira ndinapasiya, poona kuti sipakusokoneza mawu. Timaphilo ta pansi pa mabatani ndinadula ku chipewa chakale, ndipo pa kachitseko kotayira malovu ndinaikapo kachidutswa ka koko wa botolo. Kuwalitsa kunabwera pomalizira, ndi nsalu yofewa ndi mankhwala opukutira siliva amene msuweni wanga anatumiza.

M'masabata amenewo mwini katapila anabwera ndi anyamata ake kudzasasula denga. Ndinapita kwa amfumu, ndipo iwo anagamula kuti andidikire mpaka ndikagulitse lipengalo. Anthu ena pamsika ankaseka kuti njala yandizunguza mutu. Usiku wina ndinalira ndithu, ndikupemphera kuti ana anga asagone pamtetete.

Tsiku limene linayamba kulira, analiliza ndi mwana wanga wa sekondale. Mawu ake anamveka mpaka kumsewu, ndipo amayi achikulire a m'mudzi anatuluka akuti amva amalume.

Ndinalikulunga m'bulangete n'kukwera nalo kudzera pa Zalewa, ndikulilipirira mpando wake m'minibasi. Bambo achikulire aja anandiperekeza kwa wotsogolera bandi ya mpingo wina mu Blantyre. Ndinawauza poyera kuti vavu lachiwiri linadyeka ndipo limafuna oyilo wokhuthalako, komanso ndinawaonetsa paliponse pamene ndinawotcherera. Analiliza kuyambira pansi mpaka pamwamba, nabwereza, kenaka anaitana akomiti. Tuba yatsopano imachokera kunja ndipo mtengo wake ndi mamiliyoni a kwacha, ndiye sanavute. Ndalama imene anandipatsa inatseka katapila yense pamaso pa amfumu, inalipira fizi ya mwana, n'kutsalako yogulira malata a ntchito. Mayi a kunyumba akupitiriza kulandira mankhwala ndipo tsopano akulima.

Wotsogolera bandi uja wanditumizira malipenga ena ang'onoang'ono amene anangounjikidwa m'chipinda cha kutchalitchi, pamodzi ndi trombone yopindika m'paipi yake yosolola. Imeneyo ikufuna ndodo yachitsulo yowongoka bwino ya msinkhu wake, ndipo ndauza msuweni wanga kuti andifunire kwa amisiri a mu Ndirande.