Ulendo wa pa Njinga Wopita ku Nkhoma

Munthu wofuna kupita ku Nkhoma pa njinga ayenera kulawirira, dzuwa lisanayambe kuwawa. Anatero bambo wina, mlonda wa ku Area 10, tsiku limene ananyamula amayi ake pa kaliyala. Maso awo anali atachita ng'ala, ndipo ndalama ya basi panalibe.

Anawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town, natsata msewu wa ku Dedza. Kufikira ku Nathenje msewuwo ngwa zitunda ndi zigwa. Potsetsereka amayiwo ankagwiritsitsa malaya a mwana wawo, pakuti wosaona amamva liwiro m'mimba. Iye naye sanachotse zala pa mabuleki.

Pa Kamphata anakhotera kumanzere. Apa phiri la Nkhoma limaoneka ngati lili pafupi, koma limanyenga. Pa chitunda china anatsika nayamba kukankha njinga, amayi ali chikhalire.

"Watopa, mwanawe. Nditsike?"

"Iyayi, amayi, khalani. Tafika kale."

Phirilo linali likadali patali ndithu.

Mishoni ya Nkhoma inayamba mu 1896, ndipo chipatala chake n'chotchuka pa matenda a maso. Anafika dzuwa litapendeka, natsamiritsa njinga pa mtengo, nawagwira dzanja amayi ake kupita nawo pa mzere.