Mgwazo Wanga ndi Nchito ya Mwana Wanga

Pamene ndinali mnyamata ndinagwira nchito yopalira m'munda wa tiyi ku Mulanje. Masiku ena tinagwira kufikira kulira kwa belu. Masiku ena kapitao anatiyesera mgwazo ndi cingwe cace. Abale anga, mgwazowo ndinaukonda ndithu! Pakuti ndinalawira m'bandakuca, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo ndinali nditatsiriza, ndi kumuka kukalima cimanga canga. Thupi linatopa cimodzimodzi, koma mtima unapepuka, popeza madzulo onse anali anga.

Tsono mwana wanga wamkazi ali mlembi wa cuma ku Lilongwe. Kuyambira caka ca 2020, pamene nthenda ya Covid-19 inalowa m'dziko muno, akulu a nchito anamlola kugwira masiku ena ali kunyumba, pa kompyuta. Pakumva ici ndinakondwa, ndinati, naye wapeza mgwazo. Ndipo nzoona: mwana akadwala amuka naye kucipatala osapempha cilolezo, ndi ndalama za minibasi zitsala m'thumba.

Koma pamene anadza kuno ku maliro a azakhali ace, ndinaona cina. Usiku, amai ali kuimba m'nyumba ya siwa, iye anakhala kuseri kwa nkhokwe, nayankha lamya za akulu ace kufikira tambala woyamba. Mgwazo wace sunayesedwe ndi cingwe, ndipo palibe munthu anamuonetsa polekezera.

M'mawa mwace ndinamfunsa kuti, "Mwana wanga, kodi umaweruka nthawi yanji?" Iye anaseka pang'ono, nayang'ana pansi, osayankha kanthu.