Maesi Awiri ku Chipadze

Mzinda wa Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central m'dziko la Zimbabwe, unakula chifukwa cha miyala: nikelo wa ku Trojan ndi golide wa ku Freda Rebecca. M'makomboni a migodi imeneyi Chichewa chimamvekabe m'kamwa mwa ana ndi zidzukulu za machona omwe adachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, ena potengedwa ndi Mthandizi, ena pa miyendo yawo. Iwowa adasunga gule wamkulu, amene eni dziko amamutcha zvigure, komanso chizolowezi chotchova juga usiku wa tsiku lamalipiro.

Mmodzi mwa ana amenewa ndi bambo wina wa zaka zopitirira 60, amene atate ake adali a ku Dedza. Adagwira ntchito zaka zambiri pa mgodi wina wa golide, ndipo ntchito yake idali yogumula timiyala pansi n'kupita nato koyeza. Mwezi ukatha, amakhala pa tebulo m'nyumba ina ku Chipadze n'kusewera poker wa mtundu wa Texas Hold'em, momwe munthu aliyense amalandira makhadi awiri obisika, ndipo ena asanu amayalidwa pakati kuti onse awagwiritse ntchito. Ambiri mwa osewera nawo ndi makorokoza, anyamata okumba golide m'maenje ndi m'mbali mwa mtsinje wa Mazowe. Ndalama zimawapeza mwadzidzidzi, choncho khadi lililonse amaliona ngati dzenje lomwe mwina muli kanthu. Kutaya makhadi asanaone mathero n'chinthu chomwe sachidziwa.

Bamboyo amasewera mosiyana nawo. Pa makhadi 52 pamatuluka mitundu 169 ya makhadi awiri oyambira, ndipo yochuluka mwa iyo ndi mankhusu. Maesi awiri, omwe amaposa ena onse, amabwera kamodzi pa maulendo 221. Motero nthawi yambiri iye amangotaya makhadi, anzake n'kumamuseka kuti wabwera kudzaothera nyali. Iye amangomwetulira, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma kudekha pakokha sikudyetsa. Nzeru yeniyeni imafunika pamene makhadi abwinowo afika. Munthu wosazolowera amafuna kuwabisa, kuponya pang'ono kuti onse alowe mu msampha. Bamboyo sachita zimenezo, ndipo chifukwa chake chili m'masamu. Maesi awiri akakumana ndi mdani mmodzi wa makhadi wamba amapambana pafupifupi maulendo 85 pa 100. Adani akakhala anayi chiwerengerocho chimatsika kufika pafupifupi 56, ndipo akakhala asanu sichifikanso theka. Choncho iye amakweza ndalama kwambiri makhadi apakati asanayalidwe, kuti ena agwe mphwayi, ndipo otsalawo alipire mtengo wokwera chifukwa cha chidwi chawo. Msampha umatcheredwa nyama yochenjera. Yobwera yokha pakhomo siisowa nyambo.

Pa chifukwa chomwecho, iye saopseza ndi makhadi opanda kanthu. Kunamizira mphamvu kumathandiza pokhapokha ngati mnzako amatha kuchita mantha n'kusiya. Kwa munthu amene amatsatira chilichonse, bodza ndi mphatso chabe. Phindu lonse limachokera pa kuponya ndalama zambiri pamene uli patsogolo, mobwerezabwereza, mosachita manyazi kuti ena aona poyera zomwe uli nazo. Aone kapena asaone, adzatsatirabe.

Chovuta kuchimeza n'chakuti kuchita bwino sikutanthauza kupambana usiku womwewo. Tsiku lina mnyamata wina adatsatira ndi 7 ndi 4, ndipo khadi lomaliza lidamupatsa mzere wa makhadi asanu otsatizana. Maesi a bamboyo adagwa, mulu wonse udapita. Mwana wa mlongo wake, amene adaonerera zonsezi, sadathe kudzigwira ali m'njira.

"Malume, nanga kudikira konse kuja kwapindulanji?"

"Mphwanga," adayankha, "mgodi sauweruza ndi mwala umodzi."

Adamukumbutsa kuti mu tani yathunthu ya miyala golide amakhalamo magalamu ochepa chabe, ndipo woyeza wanzeru amaonkhetsa timiyala tambirimbiri asananene ngati mtsempha uli ndi phindu. Usiku umodzi ndi kamwala kamodzi. Amene amasintha kaseweredwe kake chifukwa cha mkwiyo wa usiku umodzi wasanduka kale mmodzi wa anyamata aja.

Pali malamulo ena awiri omwe sawaswa. Loyamba, mnyamata amene wakhala akungotsatira mwakachetechete akakweza ndalama mwadzidzidzi kumapeto, ndiye kuti wapeza chenicheni, ndipo ngakhale maesi ayenera kutayidwa. Kukakamira makhadi chifukwa adali okongola poyamba n'kumene kudagwetsa pusi chagada. Lachiwiri, ndalama za fizi ndi za ufa zimatsala kwa mayi wa kunyumba. Munthu amene adaona mgodi wa Trojan ukuima mu 2008, ndalama ya dziko itasanduka mapepala, amadziwa kuti chomwe chili m'manja lero sichilonjeza za mawa.

Komabe mtima wake sukhala m'malo kwenikweni. Amadziwa kuti madola omwe amapita nawo kwawo adatuluka m'maenje osachirikizidwa, omwe nthawi ya mvula amakwirira anthu amoyo. Amadziwanso kuti kupambana kwa apo ndi apo kwa 7 ndi 4 ndiko kumabweza anyamatawo pa tebulo mwezi wotsatira. Akadaluza nthawi zonse, bwenzi atasiya kalekale. Kawiri konse adayesa kumufotokozera mmodzi wa iwo za maulendo 221 aja. Mnyamatayo adamvetsera mwaulemu, adathokoza, kenaka adati munthu wolowa m'dzenje m'mawa uliwonse alibe nthawi yodikira maesi.