Tiyi wa ku Nkhata Bay alibe womuimbira

Mukamva za tiyi, inu a pamsika wa Limbe, Tsoka kaya Mzuzu, maganizo amathamangira ku Thyolo ndi Mulanje. N'zoona, kumeneko ndi kuchimake, poti mzungu wina dzina lake Henry Brown anadzala tiyi ku Mulanje kale mu 1891. Koma nakonso ku Nkhata Bay tiyi alipo, pa esiteti ya Kawalazi, m'mapiri a kumtunda kwa nyanja. Ngakhale dzina loti Chombe, lomwe mumaliona pa mapaketi a masamba m'maokala mwanumo, kwawo ndi komweku.

Ndinatsika kuchokera ku Mzuzu pa minibasi, msewu wokhotakhota ngati njoka. Pofika pa Mpamba juzi ija inali itavulidwa. Dera lino mvula imagwa yambiri, nthaka ndi yofiira, ndipo mbewu zokonda chinyezi zimasangalala. Mukalunjika ku Chintheche mudutsa m'nkhalango ya mitengo ya labala ya Vizara, pomwe anyamata amagulitsa mipira yoluka ndi utomoni m'mbali mwa msewu. Kwinaku chinangwa chokhachokha, paja kuno nsima ndi kondowole.

Pa Chintheche ndinalowa mu tiyirumu ina m'mamawa, asodzi atangokocheza mabwato. Mayi wogulitsa anataya masamba mu ketulo yaikulu yakuda ndi utsi, nkuwiritsa mpaka madzi kufiira ngati dothi la ku Mpamba. Shuga masupuni anayi, mkaka pang'ono, pambali chinangwa chophika. "Imwani bambo, mutenthetse m'mimba." Ndinati yewu, monga amathokozera Atonga. Nditafunsa komwe masambawo amachokera, anangoloza kugolosale.

Apa mpomwe pali nkhani. Mtengo wa tiyi kwawo kwenikweni ndi ku China ndi maiko oyandikana nawo. Ngakhale mawu oti "tiyi" anachokera komweko: anthu a kugombe la Fujian amati "te", azungu a zombo nkutola liwulo mpaka kudzatipatsira ife. Matchaina ena amati "cha", ndiye gwero la chai yemwe mumamwa ku Kariakoo mukapita kukaoda zitenje ku Dar es Salaam.

Tsono anzathuwo tiyi samangomwa. Cha m'ma 760, munthu wina wotchedwa Lu Yu analemba buku lathunthu, Chajing, lofotokoza kalimidwe, kathyoledwe, ziwiya, ngakhale madzi oyenera kuphikira. Ati madzi a pakasupe wa m'phiri ndiwo nambala wani, a mumtsinje achiwiri, a pachitsime omaliza. Patadutsa zaka, mlakatuli Lu Tong atalandira mphatso ya masamba analemba ndakatulo yofotokoza zomwe mbale zisanu ndi ziwiri za tiyi zimachita m'thupi, imodzi ndi imodzi. Mpaka lero Matchaina amaidziwa. Tangoganizani, ndakatulo yothokozera paketi ya masamba kukhala zaka zoposa 1,000!

Chomwe chinandigwira mtima nditakhala pamchenga wa ku Kande ndi ichi. Nawonso ali ndi tiyi wa m'mbali mwa nyanja, Longjing, wolimidwa m'mapiri ozungulira West Lake mumzinda wa Hangzhou. Kanyanja kake nkakang'ono, sikangafike ngakhale pa chala cha nyanja yathuyi. Koma alakatuli monga Su Dongpo, yemwe analamulirapo mzindawo, anakatamanda mpaka dziko lonse kukadziwa. Masamba othyoledwa chikondwerero cha Qingming chisanafike, kumayambiriro kwa Epulo, amakazingidwa ndi manja mumphika wachitsulo ndipo mtengo wake ndi wodula zedi. Wogula amalipira masamba, amalipiranso dzina la phiri, nyengo yothyolera ndi mbiri yake. Pomwa sathira shuga kapena mkaka. Timakapu take tating'ono, ndipo masamba omwewo amathiridwa madzi katatu kapena kanayi.

Nanga wathu? Wothyola amadzuka mbandakucha, dengu kumsana, kutola masamba awiri ndi kansonga, mame ali chonyowetsa. Kufakitale makina amadula ndi kupera, tiyi nkusanduka timibulu takuda. Wambiri wa tiyi wa Malawi amatuluka m'dziko muno m'matumba akuluakulu, wina kudzera ku okushoni ya ku Limbe, nkukasakanizidwa ndi wa maiko ena ku Britain kapena South Africa. Womwa ku London sadziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Kawalazi.

Sikuti kuno kulibe aluso. Atonga anayamba sukulu kalekale, mishoni ya Bandawe pafupi ndi Chintheche inakhazikitsidwa mu 1881. Pa malipenga ndi chilimika amapeka nyimbo za chilichonse: matchona osabwerako ku Joni, apongozi ovuta, nyanja yolanda anthu. Ndinafunsa achinyamata ena pa Kande ngati akudziwa nyimbo ya tiyi. Anayang'anana nkuseka. Mmodzi anati tiyi ndi ganyu basi, munthu sungaimbire ganyu.

Mwina akunena zoona, poti tiyi kuno anabwera ndi bwana ndi kapitawo, pomwe ku China mlimi ndi mlakatuli ankamwera chitsime chimodzi. Komabe inu mumadziwa bwino kuti mpunga mukangoti "Kilombero wa ku Karonga", kasitomala sanenereranso. Usipa mukati ndi wa ku Usisya, mtengo umakwera. Masamba okha ndi omwe timagulitsa m'timapepala topanda dzina, supuni imodzi imodzi, pafupi ndi machesi ndi sopo.

Pobwerera ndinagula paketi pa Chintheche, ndipo ndinauza mnyamata wa m'golosalemo kuti dzina lili pamenepo ndi la kwawo. Anaitembenuza, nkuwerenga, nkufunsa ngati ndikufunanso shuga.