Khoka Likapachikidwa, Mlovi Alowera Kuti?

M'chaka cha 1982 asodzi a pa nyanja ya Malombe anavuula chambo choposa matani 8,000. Zitatha zaka khumi, ngakhale matani 1,000 sankakwananso. Makoka a maso ang'onoang'ono amene anadzera kambuzi anakokolola ndi ana a chambo omwe, nazula udzu wa pansi pa madzi momwe nsombazo zinkabisala. M'chaka cha 1993 boma linayamba kugwirizana ndi makomiti a m'madoko kuti nsomba zibwerere, koma chambo cha Malombe sichinabwererebe mwakale. Akatswiri anawerenga matani amene anatayika. Ife tifuna tilingalire za munthu amene sawerengedwa kawirikawiri, ndiye mlovi, amene wakoka khoka la mwini wake zaka makumi awiri kapena atatu, ndipo tsiku lina angomva kuti khokalo lapachikidwa.

Sikoyamba kuti amuna a m'dziko muno aweruke mwadzidzidzi pa ntchito imene anakulira. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70, boma linaletsa kulemba anthu opita ku migodi ya ku Joni, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kwawo. Komatu iwo ankafika ndi mapepala a ntchito ndi kandalama m'thumba, ndipo nthawi imeneyo maesiteti a fodya anali kufuna anthu. Mlovi aweruka chimanjamanja. Malipiro ake anali gawo la nsomba za tsikulo, ndipo dzina lake silinalembedwe m'buku lililonse.

Ena amamudzudzula kuti anachedweranji, poti nsomba zinayamba kuchepa iye akuona. Sitigwirizana nawo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo bambo wa ana asanu sangataye ndiwo za lero chifukwa cha ntchito imene sanaione.

Tsono ulendo wake umayamba pafupi. Amakayesa madoko a nyanja yaikulu, ku Makawa, ku Malembo kapena ku Msaka, kumene amapeza kuti eni chilimira afuna anyamata a msana wolimba, otha kuchezera usiku wonse pa usipa. Akatero amatembenukira ku msewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, nayenda geti ndi geti m'mahotela ndi m'nyumba za alendo, kupempha ya ulonda kapena yosesa pabwalo. Kumeneko amakumana ndi funso limene sanafunsidwepo chibadwire: kodi kalata yochokera kumene munkagwira ili kuti? Munthu amene doko lonse likumudziwa kuti sanabepo nsomba imodzi, pa geti la mlendo alibe mboni.

Koma chimene chimatimvetsa chisoni koposa ndi yankho lake akafunsidwa za ntchito imene amadziwa. Amawerama nati, "Ine sindidziwa kanthu, bwana, ndine mlovi chabe." Mawu amenewa si oona, ngakhale iye amawakhulupirira ndi mtima wonse. Munthu akakhalitsa pa ntchito imodzi, maluso ake onse amabisala m'dzina la ntchitoyo, ndipo dzinalo likafa amayesa kuti nzeru zafera pomwepo. Taganizani zimene manja ake achita zaka zonsezi. Wasoka maukonde ong'ambika. Wamata boti lodontha, wamasula injini ikazima pakati pa madzi. Amadziwa kuyang'ana kumwamba ndi kunena kuti mwera uli pafupi, anzake asanaone kanthu. Wagawa ndalama pakati pa amuna khumi otopa ndi anjala popanda ndewu, chinthu chimene ophunzira ambiri a m'maofesi chimawakanika. Lililonse mwa maluso amenewa lili ndi woligula: okhoma maboti, eni mainjini, oyendetsa alendo pa nyanja ku Chembe, ngakhalenso oweta chambo m'makola a m'madzi. Kufuna ntchito kwa munthu wotere kuyenera kuyamba iye asanatuluke pakhomo, pokhala pansi ndi wina womuthandiza kutchula zimene amadziwa, chimodzi ndi chimodzi.

Pakhomo pomwepo mpamene pali chiyeso china. Ambiri kuno ndi akamwini, okhala pamudzi pa akazi awo, ndipo ulemu wa mkamwini umayenda ndi chimene wanyamula pobwera madzulo. Kale ankalowa ndi nsomba m'manja, apongozi nalandirako. Lero alowa ndi fumbi kumapazi. Mayi amene ankakazinga ndi kugulitsa nsomba za mwamuna wake nayenso geni yake yaima, choncho mkwiyo wake tiumvetse. Komabe mawu onyoza olankhulidwa pamaso pa ana athamangitsa amuna ambiri, ena mpaka kukwera basi ya ku Joni opanda mapepala okwanira, banja n'kutha osasudzulana.

Kwathu kuno ntchito zambiri sizilengezedwa m'nyuzipepala, zimayenda pakamwa. Mphunzitsi amamva kuti pasukulu afuna mlonda, namwino amadziwa kuti pachipatala pasowa wosamala pabwalo, ndipo onsewa timakhala nawo pa mphasa imodzi ku mphakati. Tikamva zotere tikumbuke mlovi wa pafupi nafe, kaya ndi Mkhristu mnzathu kaya ndi Msilamu, pakuti pa khoka ankakoka chingwe chimodzi. Ndipo inu eni makoka, amene mwapachika zipangizo chifukwa zinthu zavuta, mwina mulibe ndalama yomupatsa munthu amene anakugwirirani ntchito. Kalata yokha mungathe kulemba: dzina lake monga lilili pa chiphaso cha unzika, zaka zimene anakhala nanu, ntchito zimene ankagwira m'boti ndi pamtunda, ndi chidindo cha a mfumu pansi pake.