Siya nyundoyo, mdzukulu wanga

Wokondedwa Mada,

Kuno tadzuka, kungoti miyendo ya agogo ako aakazi ndi yomwe ija. Za munda wakudambo tidzakamba ukabwera.

Chandilembetsa kalatayi ndi njinga. Msuweni wako anabwera Loweruka kudzatenga mbatata, ndipo pocheza anati waitsitsa kudenga Dawes Galaxy ya malemu amalume ako. Akuti wagula gudumu lakumbuyo, tcheni ndi magiya zochotsa pa njinga ina, ndipo ukufuna upalase kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Monkey Bay kudzera ku Dedza. Zonsezo ndakondwa nazo, njinga si yokongoletsera denga. Koma anawonjeza kuti anakupeza pakhonde nyundo ili m'manja. Mwina anakokomeza, umamudziwa. Ine nyundo imeneyo yandisowetsa tulo.

Chitsulo chokana kulowa chimakhala ndi chifukwa. Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi.

Mu 1974 ndinali mnyamata wothandiza pa shopu ina yokonza njinga ku Limbe. Ntchito yanga inali kumata machubu, kukunga masipoko ndi kusesa. Tsiku lina abwana atachoka, kunabwera mphunzitsi wina ndi Peugeot yoyera, yamagiya, yomwe sindinaionepo. Inkalira pamtima, paja pamazungulira ekiselo ya mapedulo. Ndinamuuza kuti abwere madzulo, poganiza kuti abwana akabwera apeza ntchito yatha, andiyamikire. Nditamasula ndinapeza kapu yakumanzere itadyeka. Ndinatenga yatsopano m'bokosi, yofanana nayo m'maso, n'kuyamba kumanga. Inazungulira kawiri bwinobwino, kachitatu inalimba. Ndinati ndi dzimbiri. Ndinatenga sipanala yaikulu, n'kuisomeka paipi kuti ndipeze mphamvu, ndipo ndinakanikiza ndi thupi lonse. Inayenda pang'ono, kenako inafewa mwadzidzidzi, n'kumangozungulira osagwira.

Abwana atafika sanandikalipire. Anandigwira chala, n'kuchiyendetsa mkati mwa bowolo. Munali mosalala, tizitsulo tikumata pachala ngati mchenga. Ndi pomwe anandiuza kuti Afalansa ankadula mazinga awo mosiyana ndi Angerezi. Kapu ya Chingerezi ndi mainchi 1.37, mazinga 24 pa inchi. Ya Chifalansa ndi mamilimita 35, zinga limodzi pa milimita. Kusiyana kwake diso silingaone, n'chifukwa chake kapu imavomera kaye kenako n'kukana. Anandidula malipiro miyezi itatu, koma zimenezo sizinandipweteke ngati kumuona mphunzitsi uja akudutsa pa shopu wapansi m'mawa uliwonse, osandiyang'ana. Ndinkabisala kuseri kwa matayala.

Iwe uli ndi mwayi, Dawes ndi ya ku England ndipo mazinga ake ndi a Chingerezi, omwe masipeya ambiri a masiku ano amalowa. Ikanakhala Raleigh yakale ija ya ku Nottingham bwenzi tikulira, chifukwa iwo anali ndi mazinga awoawo, 26 pa inchi. Koma ngakhale pa Dawes pali msampha. Kapu yakumanja, mbali ya tcheni, mazinga ake ndi obwerera: imamasukira komwe nati wamba amamangira. Pedulo yakumanzere ndi chimodzimodzi. Ambiri amati yachita dzimbiri pomwe akuimanga okha, ndiye amatenga nyundo. Chilichonse chamazinga uyambe kuchimanga ndi zala, utapaka girisi. Chikakana zala zisanachizungulitse kanayi kapena kasanu, chichotse uone bwino.

Tsono za gudumu lako. Tenga rula uyeze mpata wa kumbuyo kwa felemu, mkati mwa pomwe pamakhala ekiselo. Njinga za nthawi ya amalume ako zinali ndi mamilimita 120 zikakhala za magiya asanu kumbuyo, kapena 126 zikakhala za asanu ndi limodzi. Mahabu a pambuyo pake ndi 130, ndipo a njinga za m'mapiri ndi 135. Ndikuganiza kuti apa ndi pomwe nyundo inatulukira. Felemu yachitsulo amatha kuitanula, inde, ndinazichitapo, koma amatanula mbali imodzi, kuyeza ndi ulusi, kenako inzake, n'kuwongolanso makutu omwe amagwira ekiselo kuti ayang'anizane. Ukangokankha ndi phazi, mbali imodzi imapita kutali kuposa inzake, njinga imayenda chammbali ngati nkhanu, ndipo ekiselo yopanikizidwa mokhota imadzathyoka tsiku lomwe wanyamula katundu.

Ndiye ndikukuletsa. Usaitanule wekha felemu imeneyo, usaimenye, ndipo usaipereke kwa owotcherera a pamsika. Mapaipi ake ndi Reynolds 531, opyapyala kuposa a njinga za kabaza, moto wowotcherera mageti umawaboola. Njinga imeneyo si yako wekha, amayi ako akudziwa chomwe ndikunena.

Usakwiye, sindikuti ndiwe mwana. Manja uli nawo, ndinaona momwe unakonzera mpope wa pachitsime. Kungoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikanakhala iwe ndikanasunga habu yakale, n'kugula filiwilo yatsopano ya magiya ofanana ndi yakale yomwe imangomangidwa pamazinga, ndi tcheni cha 3/32. Cha 1/8 cha njinga zopanda magiya n'chonenepa, sichidutsa. Tcheni chakale uchiyeze: kuchoka pa pini ina, pini ya 24 iyenera kugwera pa mainchi 12 enieni. Chikapitirira ndi 1/8 chatha, ndipo chadya kale mano a filiwilo, tcheni chatsopano chizingodumpha pa mano akalewo. Tizogwirira ta magiya tili pa paipi yapansi tija usatichotse. Tilibe manambala, umasuntha mpaka tcheni chikhale chete, n'chifukwa chake timagwirizana ndi pafupifupi chilichonse. Zamakono zodina zija zimafuna anzawo a chiwerengero chomwecho, ukasakaniza magiya amangolira.

Chinanso, werenga zolembedwa m'mbali mwa tayala lakale. Likakhala la mainchi 27, limu yake ndi mamilimita 630, pomwe 700C ndi 622. Ukasintha gudumu n'kuika la 700C, mabuleki ayenera kutsika ndi mamilimita 4. Akalephera kufika amagwira tayala m'malo mwa limu. Pa msewu wa m'tauni sungazindikire. Ukazindikirira pa Khwekhwelere, ukutsetsereka kupita ku Golomoti, zikwama zili pa kaliya, ndipo pamenepo palibe pobwerera. Chitsulo chokakamizidwa chimadikira malo ngati amenewo. Ndikatseka maso ndimaona makhotawo, iwe uli pa njinga ya amalume ako, ndiye tulo timatha.

Ukalandira kalatayi usagwirenso kanthu. Yeza mpata uja, uwerenge mano a magiya onse, unditumizire manambala pa foni ya msuweni wako. Kumapeto kwa mwezi uikweze basi ubwere nayo pamodzi ndi zonse wagulazo. Chomasulira filiwilo chidakali m'bokosi langa lachitsulo, ulusi tipempha kwa agogo ako. Ugule girisi, wanga anauma. Nyundoyo uisiye ku Lilongwe.

Upereke moni kwa amayi ako.

Ndine,
Agogo ako aamuna