Fodya wa pachala ndi wa mphepo

Loweruka lina m'mawa ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa, manja ali thovu lokhalokha, foni n'kulira. Anali mayi a ku ofesi ya bungwe lina limene ndinkasamalira seva yake. Moni sanapereke n'komwe.

"Achimwene, webusaiti yathu yabedwa! Aliyense akaitsegula pakutuluka chenjezo, anthu akuopa kulowa."

"Pepani mayi, tandiwerengereni zimene zalembedwa m'munsimo."

Anawerenga chilembo chimodzichimodzi. Atafika pa mawu oti DATE_INVALID mtima wanga unakhala m'malo, koma nthawi yomweyo manyazi anandigwira. Panalibe wakuba aliyense. Satifiketi inali itatha masiku ake usiku womwewo, ndipo woyenera kuwerenga masikuwo ndinali ine.

Ndimasamalira maseva a mabungwe ang'onoang'ono, ndipo gawo lina la ntchitoyi ndi kaloko kaja kamene kamaoneka pafupi ndi dzina la webusaiti. Kuseri kwa kalokoko kuli satifiketi, fayilo yaing'ono imene ili ngati chiphaso choyendetsera galimoto. Imanena dzina la webusaiti, imanyamula kiyi wapoyera amene amagwirizana ndi kiyi wachinsinsi wotsala pa seva, imakhala ndi siginecha ya bungwe limene laipereka, ndiponso masiku awiri: loyambira ndi lothera. Wapolisi wa pamsewu mwina ungamudandaulire chiphaso chikatha dzulo. Chrome kapena Firefox sadziwa kudandaula kwa munthu. Mphindi imodzi ikangodutsa, chitseko chatsekedwa.

Pamene ndinkayamba ntchitoyi, satifiketi tinkagula. Umapanga pempho pa seva, kulitumiza kwa ogulitsa akunja, kulipira m'madola, kudikira imelo, kenaka kuiika ndi manja. Kuno kwathu vuto linali pa madolawo: kupeza khadi la ku banki lololedwa kulipira kunja, ndi kumufotokozera msungichuma chifukwa chimene tikulipirira chinthu chosaoneka ndi maso. Ukamaliza umalemba tsiku lothera pa kalendala ya pakhoma, n'kuiwala kwa chaka chathunthu. Mabungwe ambiri ankangosiya, n'kumayendetsa webusaiti popanda loko.

Zinthu zinasintha pamene Let's Encrypt, ntchito ya bungwe losachita malonda la Internet Security Research Group ku America, inatsegulira aliyense mu December 2015. Satifiketi zake ndi zaulere, koma zimakhala masiku 90 okha. Poyamba ndinanyansidwa nazo: ntchito ya kamodzi pachaka isanduke ya kanayi? Ndinadzamvetsa pambuyo pake kuti masikuwo anawachepetsa dala. Kiyi akabedwa, wakubayo sadyerera nthawi yaitali, komanso palibe munthu wanzeru angalole kumachita ndi manja ntchito yobwerabwera chotere. Ankafuna kuti tiipereke kwa makina. Pofika July 2018, Chrome atayamba kulemba pa webusaiti iliyonse yopanda loko kuti ndi yosatetezeka, ngakhale mabwana amene ankakana aja anayamba kundiitana okha.

Makinawo amalankhulana mwa njira yotchedwa ACME, ndipo pulogalamu imene ndimagwiritsa ntchito kwambiri ndi Certbot, yosamalidwa ndi Electronic Frontier Foundation. Nkhani yake ndi yosavuta. Seva yanga imati, ndikufuna satifiketi ya dzina lakuti. Opereka amayankha kuti, tionetse kuti dzinalo ndi lakodi. Amandipatsa kachizindikiro koti ndiike pamalo odziwika pa webusaitiyo, iwo n'kubwera kudzera pa port 80 kudzaona ngati kalipo. Akakapeza, satifiketi yatuluka, m'masekondi ochepa chabe. Njira ina ndi yolemba chizindikirocho mu DNS, kaundula wa mayina a pa intaneti, ndipo imeneyi ndiyo yokhayo imene amalola ukafuna satifiketi ya nyenyezi, yophimba mayina onse a pansi pa dzina limodzi. Certbot imadzuka yokha kawiri patsiku, n'kuyang'ana masiku otsala. Akatsala 30 kapena kucheperapo, imapempha yatsopano. Choncho pali mwezi wathunthu woti zinthu zilephere, ziyesedwenso, zikonzedwe munthu wakunja asanadziwe kanthu.

Nanga Loweruka lija chinavuta n'chiyani? Ndinapukuta manja, ndinatsegula laputopu, ndinalowa mu seva. Ndinafunsa Certbot, ndipo inandiyankha mosatekeseka kuti satifiketi ili bwino, yatsala ndi miyezi iwiri. Sinaname. Inali itatenga yatsopano mwezi umodzi m'mbuyomo n'kuisunga pa disiki. Koma nginx, pulogalamu imene imalandira alendo pakhomo, imawerenga satifiketi pamene ikudzuka n'kuisunga m'mutu mwake. Palibe amene anaiuza kuti kwabwera yatsopano. Kwa masiku 30 inakhala ikuonetsa yakale ija mpaka inathera m'manja mwake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Satifiketi ya pa disiki inali ya pachala.

Kukonza kunatenga lamulo limodzi louza nginx kuti iwerengenso mafayilo ake. Madzulo ake ndinaika chimene timati deploy hook, kalamulo kamene Certbot imakayendetsa yokha nthawi iliyonse ikatenga satifiketi yatsopano. Koma chimene chinandisowetsa tulo sichinali chimenecho. Kwa mwezi wonse ndinkafunsa seva ngati ili bwino, iyo n'kumavomera, pamene mlendo pakhomo ankaona zina. Ndinkafunsa wolakwika.

Kuyambira tsikulo ndimayang'ana kuchokera kunja. Ndili ndi kaseva kena kakang'ono, ka kampani ina, pa netiweki ina, kamene ntchito yake ndi kugogoda pakhomo la webusaiti iliyonse ngati mlendo wamba. Kamalumikiza ndi pulogalamu ya openssl, kamalandira satifiketi imene yaperekedwadi, kamawerenga tsiku lothera n'kuchotsera la lero. Masiku akatsika kufika 20 kamanditumizira imelo, chifukwa zikatero ndiye kuti Certbot yakhala ikulephera kwa masiku khumi. Akafika 7 kamatumiza uthenga pafoni yanga ndi ya mnzanga, poti munthu amadwala, amapita ku maliro kumudzi kumene netiweki imavuta. Ndipo Lolemba lililonse kamanditumizira mndandanda wonse ngakhale zonse zili bwino. Mndandandawo ukapanda kufika, ndimadziwa kuti mlonda nayenso wagona.

Makina akamalephera sakuwa, ndipo njira zolepherera ndi zambiri. Wina amatseka port 80 poganiza kuti akulimbitsa chitetezo, osadziwa kuti ndi pomwe opereka satifiketi amalowera. Wina amasamutsira dzina ku seva yatsopano, yakale n'kumapemphabe satifiketi ya nyumba imene inasamukamo. Disiki imadzaza. Seva ina ya mu ofesi, batire lake laling'ono la wotchi litatha, inkati magetsi akathima n'kuyakanso imadzuka ili m'chaka china, n'kumakana satifiketi za anzake zonse kuti nthawi yake sinakwane. Kuno kumene magetsi amapita osatsanzika, ndimaonetsetsa kuti seva iliyonse ikufunsa nthawi yolondola pa intaneti ikangodzuka.

Pali ndi kulakwa kwa phuma. Tsiku lina ndikukonza chinthu, ndinapempha satifiketi ya dzina lomwelo kasanu motsatizana, n'kugunda malire a satifiketi zisanu zofanana pa sabata. Ndinakhala manja lende kudikira. Tsopano ndimayamba ndi kuyeserera kotchedwa dry run, kumene kumapita ku seva yoyesererapo n'kusiya malire anga osakhudzidwa.

Zoopsa kwambiri ndi satifiketi zimene sukudziwa kuti zilipo. Webusaiti aliyense amaiona. Koma seva ya imelo ili ndi yake, VPN ili ndi yake, pulogalamu ya malipiro imene munthu anaika asanasiye ntchito ili ndi yake. Ndikalandira bungwe latsopano, ndimayamba ndafufuza pa crt.sh, pamene pamaoneka satifiketi zimene zinaperekedwapo poyera pa dzina lawo, popeza masiku ano zimalembedwa m'kaundula woonekera kwa onse. Kawirikawiri ndimapezamo mayina amene eni ake anawaiwala kalekale. Izi sizigwera ife ang'onoang'ono tokha. Pa 6 December 2018, satifiketi yotha masiku mu pulogalamu ya Ericsson inadula mafoni a makasitomala mamiliyoni a O2 ku Britain ndi a SoftBank ku Japan. Ngakhale mizu imene satifiketi zathu zimatsamirapo imakalamba. Pa 30 September 2021 muzu wotchedwa DST Root CA X3 unatha, ndipo makompyuta ena akale anayamba kukana mawebusaiti amene satifiketi zake zinali zatsopano ndithu. N'chifukwa chake m'dirowa ndimasunga foni yakale yoyesera, popeza ambiri mwa anthu amene amatsegula mawebusaitiwa sasintha foni chaka ndi chaka.

Kale Let's Encrypt inkatumiza imelo yochenjeza satifiketi ikatsala pang'ono kutha, ndipo anzanga ambiri ankadalira imeneyo ngati mlonda wawo. Mu June 2025 inasiya. Masiku nawonso akunka nachepa. Mu September 2020 malire a satifiketi iliyonse ya webusaiti anatsika kufika masiku 398. Mu April 2025 bungwe la CA/Browser Forum, kumene opereka satifiketi amakhala pamodzi ndi opanga mapulogalamu otsegulira intaneti, linagwirizana zotsitsa malirewo kufika masiku 200 mu March 2026, masiku 100 mu March 2027, ndi masiku 47 mu March 2029. Amene akugwiritsabe ntchito kalendala ya pakhoma adzafunika kuyiyang'ana pafupifupi mwezi uliwonse.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anaika Certbot yake yoyamba posachedwa. Itatulutsa satifiketi anabwera akumwetulira.

"Bwana, ndamaliza. Tsopano iziyenda yokha."

"Wachita bwino. Nanga ikadzasiya kuyenda, adzakuuza ndani?"

Anakhala chete. Ndinamuuza kuti atenge foni yake, azimitse Wi-Fi ya mu ofesi, atsegule webusaitiyo ndi bandulo yake, adine pafupi ndi dzina, andiwerengere tsiku lothera. Anawerenga, kenaka anayang'ananso pa kompyuta, n'kukanda m'mutu. Masiku awiriwo anali osiyana. Ndinamukokera mpando kuti akhale pansi, tiyambe ndi nginx.